Bokosi la chokoleti lopanda chifukwa

Azakhali a Velichka anabwera ndi bokosi la chokoleti kuntchito m'mawa womwewo umene zikalata za ofesi yathu zinatuluka pa intaneti. Si azakhali anga enieni. Ndi mayi amene ankalandira ndi kusunga makalata onse olowa ndi otuluka, ndipo achinyamata tonse tinkawaitana choncho. Kunali kutatsala miyezi yochepa kuti apume pa ntchito.

Ofesi yathu imayeza madzi a m'mitsinje ya m'chigawo chino n'kutumiza zotsatira ku Sofia, likulu la dziko. Ine ndinali nditangomaliza digiri ya zamalamulo, ndipo ntchito imene ndinapeza inali yolemba zokambirana za pa misonkhano, komanso kupanga khofi mlembi wa bwana akadwala. M'mawa uliwonse ndinkatsegula Prozorche, tsamba la pa intaneti limene limasindikiza zinsinsi za boma zimene anthu amatumiza mobisa. Ndinkaliwerenga mokhulupirika ngati mmene ena amapitira kutchalitchi, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzaonapo chidindo chathu.

Zimene zinatuluka sizinali zachilendo kwa aliyense amene ali ndi mphuno. Kumunsi kwa fakitale yofufuta zikopa mtsinje unali ukununkha kwa zaka, ndipo abakha anali atasamuka kalekale. Chachilendo chinali kuona mapepala awiri ataikidwa moyandikana, lina la zimene labotale yathu inapezadi m'madziwo, lina la zimene zinatumizidwa ku Sofia. Pakati pawo panali uthenga waufupi wa Bambo Donchev, bwana wathu, wouza a ku labotale kuti akatungenso madzi, koma ulendo uno kumtunda kwa paipi yotayira zonyansa za fakitale.

Mu ofesi munali zii. Aliyense anali atawerama ngati wakhama pa ntchito, foni ili pamiyendo. Ndiye chitseko chinatseguka, azakhali a Velichka n'kulowa, tsitsi lokonzedwa, milomo yopakidwa, bokosi lotsegula m'manja.

Munthu akamagawa chokoleti kuntchito ndiye kuti chabwino chamuchitikira: tsiku lake lobadwa, galimoto latsopano, mwana wakhoza mayeso. Umatola kamodzi, n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani, iye n'kunena, iwe n'kumufunira moyo wautali. Funsolo silidumphidwa, ndipo yankho silikanidwa. Zahari, amene amapita kumitsinje kukatunga madzi oyeza, ndi amene anayamba kufunsa.

"Nanga chachitika n'chiyani, azakhali? Mwapeza mwamuna?"

"Idya, Zahari, pakamwa pako papezeko ntchito ina."

"Ndidya, koma ndikufunireni chiyani?"

"Thanzi basi."

Anazungulira matebulo onse ndi yankho lomwelo, kenako anakagogoda kwa bwana. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndipo tonse tinamva. Bambo Donchev anali pa foni ndi a ku Sofia kuyambira mbandakucha, nkhope ili psuu, koma dzanja linatola lokha mwa chizolowezi, pakamwa n'kufunsa pokha. Azakhali anamwetulira n'kunena kuti angosangalala, lero ndi tsiku labwino.

Pofika masana nkhani inali itatha kale kuweruzidwa: woulula ndi a Velichka. Pepala lililonse la mu ofesi muno limadutsa patebulo la a Velichka. Mng'ono wawo amakhala m'mudzi wa kumunsi kwa fakitale, kumene anthu anasiya kuthirira tomato ndi madzi a mumtsinje. Ndipo ndani wina angagule chokoleti pa tsiku lotere? Palibe anakumbuka kuti foni ya mayiwa imagwira ntchito imodzi yokha, yoimbira mwana wawo Boryana amene anakwatiwa ku Valencia, kunja kwa dziko. Nkhani ya Prozorche anaimva komaliza kuposa tonse, bokosi litatha kale.

Masiku otsatira anali achilendo. Mu ofesi anthu anasiya kuima patebulo lawo, makalata ankangowasiya m'mphepete n'kudutsa mofulumira ngati pali moto. Kunja zinali zina. Wogulitsa buledi ankawagwira dzanja ndi manja awiri, ndipo mkulu wina amene sankamudziwa anawavulira chipewa pamalo okwerera basi. Inenso ndinakhulupirira. Tsiku lina titakumana pa makina a khofi ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuwanong'oneza kuti achita bwino, ndipo ndikuwanyadira.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nawenso, Ralitsa? Ndi sukulu yonse ija?" anatero. "Ine chithunzi chenicheni sinditha kutumiza popanda Boryana kundiuza pokanikiza."

Ndinaganiza kuti umu ndi mmene munthu wochenjera amayankhira, ndipo ndinawanyadira kwambiri.

Sabata yotsatira kunabwera Bambo Hristozov ochokera ku Sofia, munthu wochepa thupi, wa nsapato zoyera bwino ndi mawu otsika. Sanabwere kudzanunkhiza mtsinje. Anabwera kudzapeza amene anatulutsa zikalata. Anthu awo anafufuza makompyuta onse, n'kupeza kuti mapepalawo anali pamalo amene tonse timasungirapo ntchito zathu, ndipo mawu achinsinsi olowera anali dzina la mtsinje ndi chaka chatha. Ankawadziwa ngakhale anthu amene anapuma pa ntchito. Atadzudzulidwa, a zamakompyuta athu anawasintha msangamsanga, n'kuika dzina la mtsinje ndi chaka chino.

Koma munthu sachoka ku Sofia n'kubwerera wopanda dzina. Mlembi wa bwana anandiuza mwakachetechete kuti pakhala msonkhano wa chilango, ndipo ndidzalemba ndine. Ndinadziwa tanthauzo lake, chifukwa zimenezo ndiye ndinaphunzira. Wochotsedwa ntchito chifukwa choulula za mu ofesi amachoka chimanjamanja, wopanda zimene amapatsa munthu popuma, ndipo pa msinkhu wa a Velichka palibe angawalembenso ntchito m'tauni ino, ngakhale aja owavulira zipewa.

Chifukwa cha chokoleti ndinachimva mwangozi. Pa nthawi ya chakudya chamasana ndinatulukira kumasitepe a kuseri, kumene anthu osuta amabisalako, n'kumva mawu a azakhali a Velichka m'munsi mwanga. Ankalankhula pa foni motsitsa, mawu ena amene sindinawamvepo mu ofesi. Ankafunsa ngati nseru yachepa, ankati asanyamule zolemera, zogula azinyamula mwamunayo, ali ndi manja. Ankati adye ngakhale kachidutswa ka buledi wouma. Kenako anati, "Ayi, sindinauze munthu. Ndinalumbira, si choncho?"

Ndinabwerera m'mwamba mwakachetechete, nditazindikira kuti Boryana ndi woyembekezera. Zotsalazo ndinazidziwa kale, monga mmene tauni yonse inkazidziwira. Boryana anali atapita padera kawiri. Ulendo wachiwiri uja amayi ake anasangalala msanga, anagawa chokoleti n'kuuza ofesi yonse kuti akhala agogo, ndipo mwezi usanathe anabwera kuntchito maso otupa. Madokotala a ku Valencia ananena zifukwa zawo, koma a Velichka anakhulupirira kuti pakamwa pawo ndi pamene panaitana diso loipa. Ulendo uno anatseka pakamwa. Chimene analephera ndi kudutsa pa sitolo osalowa.

Ndinawadikira potuluka, n'kuyenda nawo kupita kokwerera basi. Ndinawauza kuti ndamva zimene sindinayenere kumva. Anaima, n'kuyang'ana ngati pali wina pafupi, kenako analavulira pambali pang'ono monga amachitira anthu akamathamangitsa tsoka.

"Usatchule," anatero.

"Sinditchula. Koma inu, azakhali, mawu ochepa chabe pa msonkhano paja, nkhani yatha. Aliyense akukumbukira za ulendo wathawu. Adzachita manyazi okha."

"Ayi."

Ndinafotokoza zimene lamulo limanena ndi zimene adzataye. Anamvetsera moleza mtima ngati mmene munthu amamvetserera mwana akulakatula ndakatulo imene waloweza. Ndinati mwina ndikhoza kuuza Bambo Hristozov okha, pambali, kuti zikathere kwa iwo.

"Mu ofesi ija chilipo chimene chimathera kwa munthu mmodzi?" anandifunsa. "Waona wekha. Ngakhale za bwana zili pa intaneti."

"Koma si diso la anthu limene limachititsa zimenezi. Mukudziwa inunso."

"Mwina ndikudziwa. Nanga ndikanena Lachinayi, Loweruka foni n'kulira, udzabwera ndiwe kudzandiuza kuti si diso? Ntchito ndi ntchito, mwanawe. Boryana ndinamulonjeza."

Basi inabwera, anakwera, osacheuka.

Pomaliza sukulu ndinalemba nkhani yaitali yonena kuti chinsinsi ndi malo amene zoipa zimakulirapo, ndipo aphunzitsi anaikonda. Munalibe mutu wa chinthu ngati ichi. Kwa masiku angapo ndinayenda ndi mawu okonzeka m'mutu, afupiafupi, opanda dzina, oti ndikhoza kuwasiya pansi pa chitseko cha Bambo Hristozov. Akanapulumutsa munthu wosalakwa. Ndinkayang'ana anzanga mu ofesi ndi maso ena, podziwa tsopano kuti amene anatumiza zikalata zija adakali pakati pathu, akudya masangweji ake, akuona mayi wachikulire akunyamula mlandu wake. Sindinathe kumuda. Mwina nayenso ankayenda ndi mawu okonzeka m'mutu. Koma iye anaulula chinsinsi chimene chinkabisa anthu amphamvu kwa anthu omwa madzi. Chimene ndinali nacho ine chinali cha mayi ndi mwana wake, ndipo mwini wake anali atandiuza maso ndi maso kuti ayi. Ndinafufuza m'mutu mwanga njira yoti mawu awo akuti ayi asawerengedwe, ndipo njira iliyonse imene ndinapeza inkayamba ndi kunena kuti ine ndikudziwa bwino kuposa iwo.

Msonkhano unachitika masana, m'chipinda chimene timachitiramo maphwando a Khrisimasi. Bambo Hristozov anakhala pakati, Bambo Donchev pambali pawo, woimira bungwe la ogwira ntchito kumapeto, maso ali pa wotchi. A Velichka anavala bulauzi ya kutchalitchi, chikwama chili pamiyendo. Ine ndinali pakona ndi kompyuta.

Mafunso oyamba anali a mapepala: ndani amawaona, amasungidwa kuti, makiyi amakhala ndi yani. Anayankha zonse mosavuta, ndipo yankho lililonse linali lakuti aliyense. Anafunsidwa za mng'ono wawo, anavomera kuti amakhala kumunsi kwa fakitale, n'kuwonjezera kuti munthu amayenera kukhala penapake. Pamenepo Bambo Hristozov anatseka faelo yawo, n'kufika pa chimene anali nacho chenicheni. Anafunsa za bokosi, mwaulemu kwambiri, funso pambuyo pa funso. Bambo Donchev analowererapo kangapo. Ine ndinangolemba.

Potsiriza Bambo Hristozov anatembenukira kwa ine.

"Lembani kuti wogwira ntchitoyu wakana kufotokoza khalidwe lake pa tsiku limene zikalata zinatuluka."

Ndinati ndiwonjezera zimenezo, koma malamulo a msonkhano wa chilango amafuna kuti mafunso alembedwe monga afunsidwira, ndiponso kuti awerengedwe mokweza aliyense asanasaine. Zimenezo n'zoona, ngakhale kuti mu ofesi yathu palibe anazitsatirapo. Anagwedeza dzanja kuti ndiwerenge. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndi mawu amene ndimawerengera nawo zotsatira za madzi.

"Funso: Kodi pa tsikulo munabwera ndi chokoleti? Yankho: Inde. Funso: Cha mtundu wanji? Yankho: Cha mtedza mkati. Funso: Munagula liti? Yankho: M'mawa womwewo. Funso: Bwana wanu munawapatsa? Yankho: Anatola tiwiri. Bambo Donchev akuti kanali kamodzi. Funso: Munati mwasangalala. Munasangalala ndi chiyani? Yankho: Ndi za m'nyumba mwanga. Funso: Kodi mukuona kuti n'koyenera kuti wogwira ntchito m'boma asangalale pa tsiku lotere? Yankho: Sindinadziwe kuti pali masiku oletsedwa."

Woimira bungwe anakhosomola mwamphamvu, n'kuyang'ana pansi. Bambo Hristozov sanaseke. Anandifunsa kumene zolembazi zikusungidwa. Ndinayankha kuti pamalo omwe aja amene tonse timasungirapo ntchito, popeza kompyuta imasunga yokha pamene munthu akulemba. Anafunsa ngati mawu achinsinsi anasinthidwa. Ndinati inde, ndipo ndinawauza atsopanowo.

Anayang'ana kunja pazenera. Ndinaona akuwerenganso mafunso aja m'mutu mwawo, koma tsopano pa tsamba la Prozorche, dzina lawo lili pamwamba, anthu a ku Sofia akutumizirana pa foni nthawi ya khofi. Akanakhala kuti ankakhulupiriradi kuti woulula ndi mayi amene anakhala patsogolo pawo, panalibe choopa. Akanangowachotsa ntchito, mpata n'kutsekeka. Koma anaopa, ndipo aliyense m'chipindamo anaona kuti akuopa, ngakhale Bambo Donchev.

"Fufutani," anatero.

"Ndifufuta, bwana. Ndingopempha kuti mundilamule polemba, chifukwa ndi zolemba za msonkhano."

"Polemba."

"Inde. Kalatayo idzalowa m'kaundula monga makalata ena onse."

Sanafunse amene amalandira makalata. Anali atakhala moyang'anizana ndi mayiwo masana onse. A Velichka anatsegula chikwama, anatulutsa kampango, anapukuta magalasi awo, n'kuwavalanso.

Msonkhano unaimitsidwa kuti udzapitirizidwe, ndipo sunapitirizidwe. Bambo Hristozov anabwerera ku Sofia tsiku lotsatira. Lipoti lawo linati njira imene zikalata zinatulukira sinadziwike, n'kulimbikitsa kuti ogwira ntchito aphunzitsidwe kusamala. Bambo Donchev anakhalabe pampando wawo. Fakitale inalipitsidwa chindapusa, ndipo Zahari akuti paipi anaitalikitsa, tsopano imathera kuseri kwa bango kumene galimoto lathu silifika. Pa Prozorche nkhani yathu inatsika pansi, pamwamba panabwera ya misewu ya m'chigawo china. Abakha sanabwerere.

Komabe bwana ankayenera kuoneka kuti achitapo kanthu. Anasamutsa a Velichka kuchoka pa makalata, kupita kuchipinda cha pansi pa nyumba kumene amalandirira mabotolo a madzi asanalowe mu labotale. Malipiro omwewo, ntchito ikadalipo mpaka tsiku lopuma, koma kulibe zenera ndipo kumazizira chifukwa cha mafiriji. Ine bwana anasiya kunditchula Rali, dzina langa lachidule. Tsopano ndine Mayi Karaivanova, ndipo khofi amapanga wina.

Ndinathandiza a Velichka kusamutsa katundu. Sizinali zambiri: kapu, nsapato zovala mu ofesi, maluwa a m'kachitini amene tonse tinadziwa kuti pansi paja sakhalitsa. Zahari ananyamula mpando, akuimba nyimbo ya maliro mpaka azakhali anamuuza kuti akapitiriza amuthira madzi a kumunsi kwa fakitale mu khofi. Atachoka tinatsala awiri.

Sanandithokoze. Anapukuta tebulo, anayala kansalu, n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Sunanene?"

"Sindinanene."

"Ngakhale kwa amayi ako? Ndimawadziwa amayi ako."

"Ngakhale kwa iwo."

Anagwedeza mutu ngati alandira kalata imene yalembedwa bwino. Kenako anatulutsa foni, anaiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewo ndinaona mantha pankhope pawo. Pansi paja netiweki kulibe. Boryana akaimba, foni siidzalira.

Tinazungulira chipindacho, ine foni ili m'mwamba ngati ndikufufuza pamene denga likudontha, iwo pambuyo panga akundiuza kuti ndisaigwetse. Pakhomo panalibe. Pa tebulo panalibe. Pakona ya kumapeto, pakati pa firiji yaikulu ndi khoma, pamene paipi ya mpweya imatulukira kunja, kamzere kamodzi ka netiweki kanaoneka pa foni, kanazimiririka, n'kubweranso.

"Apa," ndinatero.

"Pozizira chonchi?"

"Kwina kulibe, azakhali."

Anaima pamenepo kwakanthawi, akuyang'ana kamzereko. Kenako anavula jekete, n'kugwira mbali imodzi ya tebulo.

"Gwira uko. Mawa ndibwera ndi juzi."